Apongozi akuti mwawakalambitsa? Khalani pansi tikambe za Alice Neel

Imelo yanu, achemwali, ndaiwerenga katatu, mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Mwati munajambula apongozi anu ndi penti kuti ikhale mphatso, koma iwo atachiona chithunzicho anangoti, "Ameneyu ndine? Mwandikalambitsatu." Amuna anu akuti mufufute makwinya a pakhosi ndipo mukweze chikope chakumanzere chimene chimagwa pang'ono. Mukufunsa ngati mukonze kapena ayi, komanso kuti mayi wa ku America amene ndimangomutchulatchula pano, Alice Neel, ankatani anthu akadana ndi nkhope zimene wawajambula.

Ndiyankha, koma mwandikanda pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe ndi bambo anga.

Bambo atadwala sitiroko, pakamwa pawo panakhotera mbali imodzi, ndipo dzanja lamanja linkangogona pantchafu ngati la munthu wina. Masana onse ankakhala pakhonde pampando wandalema, wailesi ili pansi pafupi ndi phazi. Ine ndinali nditangoyamba kumene kugwira penti ya mafuta, ndili ndi machubu asanu ndi maburashi atatu. Ndinawapempha kuti ndiwajambule, iwo n'kugwedeza mutu kuvomera. Tinakhala masiku asanu ndi limodzi, ine pakampando kakang'ono, iwo kuwodzera, kudzidzimuka, kufunsa nthawi, kuwodzeranso. Tsiku lachitatu m'pamene ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachione chiyambire matendawo, ngakhale ndinkawapatsa phala m'mawa uliwonse. M'dzanja lamanzere ankafumbata kansalu koyera. Akaona kuti maso anga ali pa penti, ankakweza dzanjalo msangamsanga kupukuta malovu pangodya ya milomo, n'kukabisanso. Munthu amene moyo wake wonse sankatuluka m'nyumba malaya asanasitidwe, tsopano ulemu wake wonse unali m'kansalu kameneko. Ndinakajambula, kansonga chabe kakusuzumira pakati pa zala. Pakamwanso ndinapajambula mmene panalili.

Loweruka achimwene anabwera kuchokera kutauni. Anaima patsogolo pa chithunzicho manja ali m'thumba, kenako anati, "Iwe, ukufuna alendo azidzaonera manyazi a bambo pakhoma?" Mayi sanayankhule msanga. Madzulo tikutsuka mbale anangoti, "Ungowongola pakamwapo, mwanangu, anthu angatinene." Eni nkhopeyo palibe anawafunsa, ngakhale ine. M'mawa mwake ndinasakaniza penti, ndinawongola milomo, ndinatseka chibakera kuti kansalu kasaoneke. Sizinanditengere ndi maola awiri omwe.

Chithunzicho chili pabalaza kumudzi mpaka lero, pamwamba pa kabati. Alendo amati, "Koma ndiye munawajambula bwino malemu." Ine ndikachiyang'ana ndimaona bambo wina wake wooneka bwino amene sindinakumanepo naye. Si bambo odwala aja, komanso si bambo a kale asanadwale, chifukwa amenewo sanakhalepo patsogolo panga kuti ndiwajambule. Milomo ija ndinaipeka m'mutu, ndipo milomo yopeka imafanana ndi ya aliyense.

Papita zaka zingapo, usiku wina ndikungoyendayenda pa intaneti pafoni, ndinakumana ndi chithunzi cha gogo wina wachizungu atakhala pampando, atavala mkanjo wa m'nyumba wamandalasi, magalasi atapendekeka pamphuno, maso akuyang'ana ngati munthu amene wamva kale uthenga koma sakufuna kuti mumuuze. Chinali cha Alice Neel, cha 1953, chotchedwa Last Sickness, kutanthauza matenda otsiriza. Gogoyo anali mayi ake omubereka, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Ndinaika foni pansi. Panali munthu amene anakhala pamalo pomwe ndinakhala ine, patsogolo pa kholo lake likufota, koma iye sanawongole kanthu.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumufufuza ngati wachibale amene anasowa. Anabadwa mu 1900 ku Pennsylvania, bambo ake akugwira ntchito ya muofesi kukampani ya sitima zapamtunda. Anaphunzira zojambula pa Philadelphia School of Design for Women kuyambira 1921 mpaka 1925, n'kukwatiwa ndi wojambula mnzake wa ku Cuba, Carlos Enríquez, ndipo anakakhalako ku Havana. Mwana wawo woyamba, Santillana, anamwalira mu 1927 ndi diphtheria, matenda aja otseka kukhosi, asanakwanitse n'chaka chomwe. Wachiwiri, Isabetta, bambo ake anamutenga kupita naye ku Cuba mu 1930, ndipo anakulira komweko kwa achibale akuchimuna. Neel mutu unasokonekera, anayesa kudzipha, anagonekedwa m'chipatala kwa miyezi yambiri. Atatuluka anapita ku New York, ku Greenwich Village, kumene mu 1934 mwamuna amene ankakhala naye, woyenda panyanja, anachekacheka ndi mpeni zithunzi zake za penti pafupifupi 60 n'kuwotcha zojambula papepala mazana angapo.

Apa ndiime kaye. Anthu amakonda kusimba mavuto amenewa ngati kuti ndi amene anamupanga kukhala katswiri, ngati kuti mayi ayenera kuika mwana m'manda kaye kuti dzanja lake likhwime. Zimenezo zimandinyansa. Alipo amayi ambirimbiri amene anaona zoterezi ndipo burashi sanaigwirenso. Chimene ndimatolapo ine n'chakuti munthu amene wataya zonsezi sangaopenso nkhope yokwinya ya kasitomala.

M'zaka za umphawi waukulu ku America, boma linali ndi ntchito yolemba ojambula, pansi pa bungwe la WPA, ndipo Neel anadyera pomwepo mpaka 1943. Mu 1938 anasamukira ku Spanish Harlem, dera la anthu osauka, ambiri ochokera ku Puerto Rico ndi anthu akuda, ndipo anakhalako mpaka 1962 akulera yekha ana ake aamuna awiri, Richard ndi Hartley, nthawi zina ndi thandizo la boma la anthu ovutika. Ankajambula amene anali pafupi: ana a pamsewu, amayi oyandikana nawo nyumba, olemba mabuku, atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito. Chithunzi chake cha 1940 chotchedwa T.B. Harlem ndi cha mnyamata wodwala chifuwa chachikulu, mchimwene wake wa mwamuna amene Neel anakhalapo naye. Wagona pabedi, pachifuwa pali bandeji yoyera pamene madokotala anachotsa nthiti, poti masiku amenewo mankhwala a TB anali asanafike ndipo ankachita kufooketsa phapo lodwala kuti lipume. Dzanja lake lili pamwamba pa bandejiyo. Aliyense wa ife amene anadikirirapo wodwala chifuwa amalidziwa khosi limenelo, mmene limatalikira thupi likamatha.

Ndipo zonsezi ankazichita nthawi imene ku New York nkhope ya munthu inali itachoka m'fasho. Otchuka anali a Jackson Pollock ndi anzawo, oyala chinsalu pansi n'kumadonthezapo penti, zithunzi zopanda munthu, zopanda mtengo, zopanda nyumba. Wojambula nkhope ankaoneka wotsalira. Zithunzi za Neel zinkangounjikana m'nyumba, zotsamiritsidwa kukhoma m'kanjira kopita kuchipinda. Chionetsero chake chachikulu ku Whitney Museum, nyumba yoonetsera zojambula ku New York, chinachitika mu 1974, iye ali ndi zaka 74. Tangoganizani, achemwali, kujambula zaka makumi asanu anthu akukudutsa.

Ndiye mukafunsa kuti ankatani anthu akadana ndi zithunzi zake, yankho lake ndi lowawa pang'ono: ankazisunga. Ambiri mwa anthu amene anawajambula sanamulembe ganyu. Iye ndi amene ankawaona pamsewu kapena paphwando n'kuwaitana kuti adzakhale pampando. Ngakhale apolisi a FBI atabwera kudzamufunsa mafunso mu 1955 chifukwa cha kugwirizana kwake ndi achikomyunizimu, akuti anawapempha kuti awajambule, iwo n'kukana. Munthu amene sanakulipire sangakulamule kuti uchepetse mphuno. Ufulu umenewu anaugula ndi umphawi, ndipo sindikukuuzani kuti inunso muugule pamtengo womwewo. Walira mvula walira matope.

Koma pano ndiuma mutu, ndipo amene akwiye akwiye. Chizolowezi chathu chosalaza nkhope chafika poipa. Foni iliyonse masiku ano imabwera ndi kabatani koyeretsa khungu ndi kuchepetsa masaya, moti mwana wa zaka 15 sadziwanso maonekedwe ake enieni. Pamaliro timasindikiza papulogalamu chithunzi cha malemu cha zaka makumi awiri zapitazo, chochita kupakidwa mpaka munthu kuoneka ngati chidole cha m'sitolo ya zovala, ndiye adzukulu amene anawadziwa agogo ali ndi imvi ndi mano atatu amangoyang'anizana. Makasitomala anga ambiri amanditumizira pa WhatsApp chithunzi chimene chadutsa kale mu fyuluta, n'kunena kuti, "Mundiwalitseko pang'ono." Kuwalitsa chiyaninso? Mphuno yasowa kale, kwatsala timabowo tiwiri. Ngati ntchito ya wojambula ndi kupitiriza pamene foni yalekezera, bola tonse tikagulitse tomato. Ine ndimakhulupirira kuti kufufuta makwinya a mayi wachikulire ndi kumuuza mwaulemu kuti zaka zimene wakhala ndi zonyansa. Makwinya a pakhosi pa apongozi anuwo muli kulima, muli kubereka amuna anu omwe akuti muwafufutewo.

Taonani zimene Neel anachita ndi wojambula wotchuka Andy Warhol mu 1970. Ameneyu anali munthu wodzibisa kuposa onse, wa wigi ndi magalasi akuda, wodziwa kugulitsa nkhope za anthu otchuka. Mu 1968 mayi wina, Valerie Solanas, anamuwombera ndi mfuti, ndipo madokotala anachita kumusoka mimba yonse. Neel anamukhazika pampando atavula malaya. Zipsera zadutsana pamimba ngati njira za mbewa, m'chiuno muli lamba wachipatala wogwira mimba, mabere agwa ngati a gogo, maso watseka. Kumunsi nsapato zopolishidwa bwino. Mpando umene wakhalapo ndi mizere chabe, sanaupake n'komwe. Ndikachiyang'ana sindiona munthu wonyozedwa. Ndimaona munthu amene kwa kanthawi wapumula kuntchito yodzionetsa, ndipo ndimamumvera chisoni chimene zithunzi zake zonse za m'magazini sizinandipatsepo.

Neel ankadzitcha wotolera mizimu. Kwathu kuno mutanena zimenezo pamudzi mawa lake mukayankha kwa amfumu, koma ganizo lake si lachilendo kwa ife. Agogo anga aakazi ankakana kamera, ankati ikuchotsera kanthu. Ndipo mawu athu omwe amavomereza: timati chithunzi, timatinso chithunzithunzi, chija chimakutsata pansi dzuwa likamawala. Chimene chimandivuta m'chinenero chathu ndi mawu oti kujambula, amene timagwiritsa ntchito pa kamera ndi pa burashi pomwe. N'chifukwa chake kasitomala amaganiza kuti ndinu kamera yochedwa, ndipo mukasiyana pang'ono ndi foni ndiye kuti mwalakwitsa.

Koma mwina mwalakwitsadi

Izi ndiyenera kunena, chifukwa ndakhala ndikukuikirani kumbuyo chithunzi chanu ndisanachione. Neel sankakopera nkhope ngati makina. Mitu ankaikulitsa, zala ankazitalikitsa mpaka kuoneka ngati mizu ya chinangwa, mthunzi wa pankhope ankaupaka wobiriwira kapena wofiirira, ndipo thupi lonse ankalizunguliza ndi mzere wabuluu umene mukauona kamodzi simungausokonezenso ndi wa wina. Ankayankhulitsa munthu kwinaku akumuyang'ana, kudikira kuti aiwale kukhala bwino, phewa ligwe, mwendo upite kumene umapita akakhala yekha. Zimene ankakokomeza ndi zimene waona pa munthuyo. Izi n'zosiyana ndi kukalambitsa munthu chifukwa dzanja silinakhwime. Ife ophunzira tokha tili ndi matenda amodzi: timajambula khwinya lililonse ndi mzere wakuda, pamene pankhope yeniyeni khwinya ndi malo amene kuwala kwasintha pang'ono chabe. Mizere isanu yakuda pakhosi imawonjezera munthu zaka khumi. Pakhungu lakuda ngati lathu vutoli limakula, chifukwa tikafuna mthunzi timathamangira penti yakuda, nkhope n'kuchita phulusa ngati ya wodwala, pamene pakufunika kofiirira kozama, kabuluu pang'ono, ndi kuwala kwa pamphumi ndi pamasaya. Ngati munajambula kuchokera pa chithunzi cha pafoni chojambulidwa ndi fulashi, ndiye kuti munakopera ndi bodza la fulashiyo.

Nayenso Neel anajambulapo kuchokera pa chithunzi cha kamera, musaganize kuti ndi tchimo. Nkhope ya Kate Millett, wolemba mabuku womenyera ufulu wa amayi, imene inatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu 1970 anaijambula choncho, poti mwiniwake sanabwere kudzakhala pampando. Koma muiyerekeze ndi ya Linda Nochlin, katswiri wa mbiri ya zojambula, ndi mwana wake Daisy ya 1973, mmene mayiyo wagwirira mwana mwamphamvu ngati akuopa kuti athawa, mwanayo maso ali tong'o, mudzaona nokha zimene kukhala ndi munthu m'chipinda chimodzi kumabweretsa.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa tulo, cha 1965, cha mnyamata wakuda dzina lake James Hunter. Anabwera kudzakhala kamodzi kokha, atangoitanidwa kunkhondo ya ku Vietnam, ndipo tsiku lachiwiri sanabwerenso. Neel anali atapaka nkhope yokha ndi mbali ya dzanja limene watsamiritsapo tsaya. Thupi lonse ndi mizere pa chinsalu choyera. Akanatha kubwereka munthu wina kuti amalizire mapewa ndi miyendo, monga ine ndinabwerekera milomo ya m'mutu. Iye anangosaina n'kunena kuti chatha. Pamene sanaone, sanapakepo.

Ndipo asanafe anadzichita yekha zimene ankachita anzake. Mu 1980, ali ndi zaka 80, anamaliza chithunzi chake ali mbulanda, chimene chili ku National Portrait Gallery ku Washington. Wakhala pampando wake wa mizere yabuluu ndi yoyera, mimba yagwera pantchafu, mabere atsika, tsitsi loyera walimanga pamwamba, magalasi ali pamaso, nsidze imodzi yakwera ngati akukufunsani kuti mwaona chiyani chachilendo. Dzanja lina lagwira burashi. Linalo lagwira kansalu koyera kopukutira penti. Nditakaona kansalu kameneko koyamba ndinatseka laputopu n'kutuluka panja. Anamwalira mu 1984, ndipo mu 2021 Metropolitan Museum ku New York inadzaza zipinda ndi anthu ake aja amene kale ankatsamira khoma m'kanjira.

Za apongozi anu tsono. Chithunzichi musachikhudze. Chichotseni pabalaza, chisungeni kuchipinda kwanu, chifukwa mphatso imene wolandira sakuifuna yasanduka katundu wanu. Kenako mupite nokha, amuna anu atsale, mukagwade mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, chija sichinakukomereni, ndiloleni ndiyesenso, koma ulendo uno mukhale nane." Asankhe okha chitenje ndi duku, akhale pamene amakonda kukhala, kuwala kuchokere pazenera kapena pakhonde, mbali imodzi. Muwafunse za ukwati wawo kapena za munda, muzijambula akuyankhula. Chikope chogwacho muchisiye, koma muone zimene chimachita akamaseka. Ndipo kwa makasitomala olipira, muziwaonetsa ntchito zanu zakale asanapereke kalikonse, muzitenga theka la ndalama poyamba, ndipo muziwauziratu kuti kuyeretsa khungu simuchita.

Chimene ine sindinachite, inu muchite: muwafunse eni ake chimene chawawawa. Mwina si makwinya n'komwe. Mwina ndi duku limene munalimanga mosakhala bwino, kapena munawajambula atakwinya nkhope pamene iwo amadzidziwa ngati munthu wansangala. Bambo anga mwina akanati kansalu kachoke, mwina akanati kakhale. Anali pomwepo pakhonde, mamita atatu kuchokera pamene ine ndi achimwene tinkakangana, wailesi ikulira.

Penti ya mafuta ili ndi khalidwe lake, imene unapaka pamwamba imapyapyala zaka zikamapita. Ulendo wathawu ndili kumudzi ndinaima chammbali mwa kabati dzuwa likulowa, ndipo pansi pa milomo yowongoka ija kamzere kokhota kayamba kuonekera. Achimwene sanakaonebe.

Munditumizire chithunzi cha ntchito yanuyo, mujambulire panja m'mawa, fulashi muzimitse, kuti ndione ngati vuto ndi apongozi kapena penti yakuda.